Lamulo la a Goloboyi

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Andigoneka m'chipatala dzulo. Chibayo chimene ndinkachinyozera chija chasiya mafinya m'chifuwa, mbali ya kumanja. Andiboola pakati pa nthiti n'kulowetsa paipi, ndipo paipiyo yatsikira m'botolo lomwe laima pansi, pambali pa bedi. Ine wokonza mafiriji, lero wodontha madzi ndine. Mankhwala akudzera m'diripi katatu pa tsiku. Mkazi wanga wandibweretsera kope ili kuti ndizilembamo zimene adokotala anena, akuti ndikamamufotokozera pakamwa ndimachotsamo zoopsa. Sakunama.

Lachitatu, 7

Thupi latentha kufika 39. Ndikapuma kukubaya.

Masana mayi wokolopa anagunda botolo lija, n'kuyamba kupendekeka. Ine ndikuona, koma mphamvu yoti ndinene kanthu ndinalibe. Bambo a pa bedi loyandikana ndi langa anangotsitsa mkono n'kuligwira lisanagone, osadzuka n'komwe. A Sisitala anati likanagwa mpweya ukanalowa m'chifuwa, phapo n'kuphwa. Ndinathokoza ndi mutu. Iwo anati, "Ndagwirapo zothamanga kuposa ili." M'wodi muno amawatcha a Goloboyi, ndipo ine andipatsa kale dzina loti a Firiji.

Lachisanu, 9

Kutentha kwatsika pang'ono. Ndadya mpunga ndi msuzi wa nkhuku, theka ndawapatsira a Goloboyi mobisa, a Sisitala n'kundikalipira chifukwa iwo ndi a shuga ndipo chakudya chawo n'choyeza.

Ndi bambo aakulu msinkhu, manja ngati mafosholo, zala ziwiri zokhota. Anaima pagolo pa timu ya ku fakitale mpaka mawondo anakana, kenako akhala akulondera sitolo. Phazi lawo lamanzere lada kuyambira kuzala, ndipo akamalitsuka tonse timatembenukira kukhoma. Adokotala awauza lero kachiwiri kuti mwendo udulidwe m'munsi mwa bondo, apo ayi chilondacho chilowa m'magazi. Iwo ati, "Ndinabwera ndi miyendo iwiri, ndituluka ndi iwiri, kaya ndi kunyumba kaya ndi kumanda." Akuti Lolemba akupita kwawo. Mwana wawo wamkazi, yemwe amaluka anthu tsitsi, anatuluka kukalirira pakhonde kuti asamuone. Tonse tinamumva.

Loweruka, 10

Lero ndikupuma bwino, ndiye ndilemba zambiri.

Nthawi yoona odwala kunabwera mkazi wanga, mlongo wake yemwe ndimangomuti Mlamu, ndi mnzathu Aphunzitsi. Anthu anayife takhala tikusewera masewera a nthano Loweruka lililonse kwa zaka zambiri, pa tebulo la kwa Mlamu. Amayenda chonchi: Mlamu amasimba nkhani n'kuyendetsa adani onse, enafe aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, ndipo ukanena chimene munthu wako akufuna kuchita, dayisi ya mbali makumi awiri ndiyo imaweruza ngati zatheka. Wanga ndi Chimanjamanja. Sayenda ndi chida, luso lake ndi kuwakha mivi m'malere n'kubwezera mwini wake.

Sindinkadziwa kuti abwera nazo kuno. Mlamu anatulutsa buku la malamulo m'jumbo ya malalanje, a Sisitala n'kulola, bola dayisi tiziponyera m'chivindikiro cha kontena ya chakudya kuti isalowe pansi pa mabedi. Misozi inalengeza, ndinanamizira chifuwa.

Tinayambira pomwe tinalekezera: ife pa mlatho, chimphona tsidya linalo. Mlamu anati chimphonacho chazula chimwala n'kundiponyera. Ndinati ndizinda, dayisi inandikana, Chimanjamanja n'kuthyoka nthiti. Aphunzitsi anati watengera mwini wake.

"Bwanji simunachiwakhe?" Mawu anachokera kuseri kwa katani. A Goloboyi amamvetsera nthawi yonseyi.

Malamulo owakha ine ndimawadziwa kuposa nambala ya foni ya mkazi wanga, ndiye ndinawayalira. Chinthu uzichiona chikubwera. Dzanja limodzi likhale lopanda kanthu. Umawakha kamodzi kokha pa raundi. Ukachigwira ukhoza kuchibweza nthawi yomweyo, koma zimakudyera mphamvu. Ndipo chikhale chokwana m'dzanja limodzi: muvi, mpeni, mkondo. Chimwala ayi.

"Amene analemba bukulo sanaimepo pagolo," anatero. "Cholemera sawakha ndi dzanja. Umachilandira pachifuwa, kuchikumbatira ndi manja onse, n'kugwa nacho. Ukachikana m'pamene chimakuthyola."

Ndinati mpira si mwala. Anandifunsa ngati ndinamenyedwapo ndi mpira wachikopa wonyowa. Tinakangana mpaka paipi inayamba kukoka, mkazi wanga n'kuti, "Inu, mung'ambika."

Mlamu, poti ndi munthu wa ndondomeko, anawauza mmene timachitira pa tebulo pathu. Aliyense akhoza kubweretsa lamulo latsopano, koma liyesedwe pa masewera atatu, mwini wake ali pomwepo katatu konse. Kenako timavota, ndipo mmodzi yekha akakana, lagwa. Likadutsa limalembedwa kumapeto kwa buku ndi dzina la mwini wake. Pa zaka zonsezi adutsa awiri okha, ndipo langa palibepo ngakhale limodzi.

A Goloboyi anafunsa kuti masewera otsatira ali liti. Mlamu anati Lachitatu, ngati a Sisitala alola.

Lamulungu, 11

Andidzutsa tiyi asanabwere kuti ndiwalembere lamulo lawo. Ndi ili: wowakha akaona chimwala chikubwera ataye zonse zili m'manja. Aponye dayisi. Ikamuvomera wachikumbatira, wagwa nacho pansi, ndipo raundi yotsatira akhoza kudzuka n'kuchibweza. Ikamukana chamuphwanya kawiri kuposa mmene chikanamuphwanyira.

Ndinawauza kuti ndi lamulo la munthu wotopa ndi moyo. Anaseka mpaka kutsokomola. Mwana wawo atabwera ndi chikwama choti alongedze zinthu zawo, anamuuza kuti abwerere nacho, apita Lachinayi. Mtsikanayo anandiyang'ana ngati ndawapatsa mankhwala.

Lolemba, 12

Kutentha kwabwereranso. Asintha mankhwala. Andijambula chifuwa, akuti mafinya akadalimo. Andipatsa chibaluni choti ndizipopa ndi pakamwa, phapo litambasuke. Sindikufuna kulankhula ndi munthu.

A Goloboyi andipopera theka kuti a Sisitala aone ngati ndayesetsa. Atigwira.

Lachitatu, 14

Masewera oyamba oyesa lamulo. Mlamu wawapangira munthu wawo, ndipo dzina asankha okha: Khoma. Mkazi wanga anakankhira kabati pakati pa mabedi athu kukhala tebulo. Odwala awiri oyenda okha anabwera kudzaonerera, wina akukoka mtengo wake wa diripi.

Chimphona chinaponya. A Goloboyi anapukuta manja pa bulangete, kulavulira m'zikhatho, a Sisitala n'kutsokomola ali patali. Dayisi inagwa pa 3. Khoma anaphwanyika moti Aphunzitsi, omwe munthu wawo ndi wochiritsa, anathera mankhwala onse pa iye. Ine ndinangoti, "Ndinanena." Iwo anati vuto ndi chivindikiro, n'chopendekeka, ndipo bwalo lotere iwo sakanalola timu yawo kusewerapo.

Alendo atapita anandifunsa, maso ali kudenga, "Masewerawa mumasewera chokhala nthawi zonse?"

"Chokhala."

"Nonse?"

"Tonse. Woimirira ndi wokatenga tiyi basi."

Za Lachinayi sanazitchule.

Lachinayi, 15

M'botolo langa muli zochepa, ndipo zayamba kuyera. Adokotala akuti zikapitirira chonchi paipi ichoka sabata ya mawa. Ndathokoza Mulungu, ndathokozanso chibaluni.

Kwa anzanga zinthu sizili bwino. Kuda kwakwera mpaka m'kakolo. Adokotala ndi mayi wofatsa, koma lero analankhula mosapsatira: akachedwa adzadula pamwamba pa bondo, akachedwanso sipadzakhala chodula. Mwana wawo ananditsatira ndikupita kubafa, botolo langa lili m'manja. Anati, "Ankolo, inu amakumverani. Alankhuleniko."

Ndinayesa, koma ine pakamwa panga ndi pa mikangano, osati pa uphungu. Ndinayamba ndi zoti moyo ndi wokoma. Anandidula. "A Firiji, inu akuwonjezerani paipi, ine akufuna kundichotsera mwendo, si zofanana. Mwanayu amaima tsiku lonse kuluka mitu ya anthu. Madzulo azidzanyamulanso bambo ake kupita nawo kuchimbudzi? Ine katundu ayi." Ndinawasendera lalanje, iwo n'kundikumbutsa kuti saloledwa.

Loweruka, 17

Masewera achiwiri. A Goloboyi thupi linali moto, maso ofiira. Mlamu anafuna kuimitsa, iwo anakana.

Chimwala chinabwera, dayisi inagwa pa 17. Anachikumbatira. Wa mtengo wa diripi uja anaomba m'manja mpaka magazi anakwera m'paipi yake. Koma Khoma ali gone ndi chimwalacho, nthawi yoona odwala inatha, kubweza sikunachitike.

A Goloboyi anamugwira Mlamu mkono. "Achitatuwo tisewere mawa."

"Nkhani sinapse, bambo. Loweruka."

Limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Mlamu nkhani zake amakonzeratu za miyezi itatu, zili m'mafayilo olemba manambala. Ndinatsegula pakamwa, mkazi wanga n'kunditsina pantchafu.

"Nanga mwini lamulo akapanda kupezeka?" anafunsa a Goloboyi.

"Lagwa."

"Mwana wanga akhoza kundiponyera."

"Pa tebulo pathu dayisi ya wina saponya," anatero Mlamu, akulongedza, osawayang'ana. Mlamuyu ndakangana naye zaka zonsezi chifukwa cha kuuma mutu kwake komweku. Lero ndinafuna kumupsompsona pachipumi.

Lamulungu, 18

A Goloboyi agona tsiku lonse. Akulankhula zosamveka, za mapenate ndi za mkazi wawo yemwe anamwalira kale. Mwana wawo akuwapukuta ndi kansalu konyowa. Ndikuchita mantha.

Lolemba, 19

M'mawa mutu wawo unali bwino. Adokotala atafika pa bedi pawo, iwo ndi amene anayamba.

"Ndikapanda kudulidwa, Loweruka ndifikako?"

"Sindingakulonjezeni, bambo."

"Nanga ndikadulidwa, Loweruka ndikhoza kukhala tsonga?"

"Mukhoza."

Anayang'ana phazi lija kwa nthawi, kenako anati abweretse pepala. Cholembera chinali changa, chomwe ndikulembera pano. Adokotala atachoka, a Goloboyi anandiuza kuti ndisayerekeze kunena kanthu. Sindinanene, ndinapopa chibaluni changa mpaka chinaphulika.

Lachiwiri, 20

Anawatenga m'mawa, osadya. Bedi lawo analiyala mwatsopano, ndipo sindinakonde kuliona lili see choncho. Mwana wawo anakhala pa mpando wa pambali panga akuluka ndi kumasula ulusi wa bulangete langa. Mkazi wanga anamukakamiza tiyi ndi buledi.

Anawabweza masana, ali mtulo, bulangete litaphwa mbali imodzi. Adokotala akuti bondo alipulumutsa. Mtsikana uja anagwada pansi pomwepo, pakati pa mabedi.

Lachitatu, 21

Andichotsa paipi! Anati pumirani m'kati, gwirani mpweya, kenako zii, yatuluka. Ndayenda mpaka kumapeto kwa khonde manja ali m'thumba, popanda botolo. Diripi yachokanso, tsopano ndi mapiritsi. Akuti Lolemba ndikhoza kutuluka. Anamwino a muno sindidziwa kuti ndidzawathokoza ndi chiyani. Ndawauza kuti firiji ya aliyense wa iwo ikadzafa asadzavutike.

A Goloboyi akumva kuwawa ku zala za phazi lomwe kulibe. Adokotala akuti zimachitika.

Lachisanu, 23

Chilonda chawo chili bwino, kutentha kwatha, koma mwini wake wazima. Akungoyang'ana kukhoma. Chakudya akubweza. Mayi wa mafizo wabwera kawiri ndi ndodo zoyendera, kuti ayambe kuphunzira kuimirira, iwo akuti azitengere kwa ozifuna. Mayiyo wawauza kuti akagonerera chonchi bondo liuma chopinda, ndipo mwendo woikirira sudzatheka. Watsamiritsa ndodozo pakhoma n'kupita.

Ndinawakumbutsa kuti mawa ndi Loweruka. Anati akudziwa. "Ndinadulitsa kuti ndimalize zimene ndinayamba. Dzina likalowa m'bukumo ine ndathana nazo. Mwanayu akandigoneke pakona, zotsalazo ndi za Mulungu."

Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse.

Loweruka, 24

Masewera achitatu. Mwana wawo anawameta ndevu, tinawatsamiritsa pa mapilo atatu, limodzi langa. Oonerera anachuluka mpaka a Sisitala anasiya kuwathamangitsa n'kuima nawo.

Khoma anadzuka ndi chimwala chake chija. A Goloboyi anati, "Ndikubweza." Dayisi inazungulira m'chivindikiro n'kuima pa 20. Mlamu anawerengera, anawerengeranso, kenako anavula magalasi. Chimphona chomwe anachikonzera kuti tilimbane nacho mwezi wathunthu chinagwera mumtsinje ndi mwala umodzi. Wodi yonse inasokosera. A Goloboyi anakweza manja onse m'mwamba, ndipo ndinaona mmene ankaonekera ali mnyamata.

Kenako voti. Aphunzitsi anati inde. Mkazi wanga anati inde, akupukuta m'maso. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinati ayi.

Ndinapereka chifukwa, ndipo n'choona: lamulo lotere likadutsa palibe chimphona chidzaponyenso mwala, chifukwa chizikhala chikudzipha chokha. Kuwakha kwake kuli bwino, ndinavomera pamaso pa onse kuti pamenepo anandigonjetsa. Koma kubweza kwake n'kwaulere. Wowakha muvi amalipira mphamvu kuti aubweze, nanga wa chimwala abweze bwanji osalipira kanthu? Chifukwa chinacho sindinachinene.

"Ndiye lagwa," anatero Mlamu. Mawu ake anali ochepa. Anawonjeza kuti mwini lamulo lomwe lagwa akhoza kulikonza n'kulibweretsanso, koma kuyesa kumayambira poyamba, masewera atatu, ndipo poti ine ndikutuluka tebulo libwerera kwa Mlamu.

A Goloboyi anandiyang'ana. "Mwendo wanga uli mu ndowa chifukwa cha tsiku la lero, inu n'kuti ayi?" Anandinena kuti ndine wanjiru, kuti malamulo anga onse anagwa ndiye ndikufuna anzanga agwenso. Anandiponyera pilo langa, n'kuuza mwana wawo atseke katani.

Mkazi wanga anapita osanditsanzika. Aphunzitsi anatenga malalanje omwe anandibweretsera.

Lamulungu, 25

Katani ili chitsekere. Ndawapatsa moni, zii. Mwana wawo akundidutsa ngati sandidziwa, ndipo sindikumudandaula. Wa mtengo wa diripi wandiuza kuti anthu ngati ine ndi amene amafa okha.

Ngati ndalakwa, ndalakwira munthu amene sanandilakwirepo. Chakudya chandikanika. A Goloboyi sindinawamve akudya, koma ndinamva akung'ung'udza manambala, ndipo masana anatuma mwana wawo kukapempha pepala kwa a Sisitala. Kwa ine sanapemphe.

Lolemba, 26

Andijambula komaliza, phapo latambasuka. Mapiritsi a milungu iwiri, kubwera kudzaonedwa pakatha mwezi, osanyamula firiji mpaka adokotala anene. Mkazi wanga wabwera kudzanditenga. Walankhula nane za kiyi wa nyumba basi.

Ndinatsanzika wodi yonse, bedi ndi bedi, ndi anamwino onse. Pa katani paja ndinaima, ndinati, "Bambo, ndikupita. Zikomo pa zonse." Ndinanyamula chikwama.

"A Firiji."

Ndinasuzumira. Anali tsonga, pepala lili pa bondo, lodzaza ndi zofufuta.

"Wobweza chimwala ataye theka la mphamvu zake. Pamenepo mukananso?"

"Theka lachepa. Koma tikaonera pa tebulo."

"Mfiti inu," anatero, osaseka. Anapinda pepala lija. "Kwa mlamu wanuyo kuli masitepe?"

"Alipo. Amakhala m'nyumba yam'mwamba."

Anatukwana chapansipansi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, yemwe anaima ndi beseni m'manja.

"Iwe, tandipatsira ndodozo. Ndipo kawaitane mayi a mafizo aja, uwauze kuti ndili ndi masewera."